Mwasintha oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, pikapu yayamba kuvuta: yambani ndi mlingo

Nkhani yake imayenda mofanana pafupifupi nthawi zonse. Loweruka munthu wagona pansi pa pikapu yake, wakhetsa oyilo wakuda wa mu giyabokosi, wathira watsopano wofiira bwino, wasamba m'manja mtima uli m'malo. Lolemba m'mawa waliza injini, waika giya pa D, galimoto ili duu. Pakadutsa masekondi atatu kapena anayi m'pamene ikuti gu, kugwira. Pamsewu injini ikukweza mawu koma liwiro silikuwonjezereka. Pamenepo ganizo loyamba limakhala lakuti: ndaipha giyabokosi, paja anthu ankanena kuti oyilo wa otomatiki sakhudzidwa.

Mtima pansi. Mwa mavuto amene ndawaona akubwera ntchito imeneyi ikatha, ochuluka gwero lake ndi limodzi, mlingo wa oyilo. Mwina wachepa, mwina wapitirira. Musanaganize zotsitsa giyabokosi, musanagule mankhwala othira mu oyilo, tsimikizani kaye za mlingo, ndipo muuyeze monga momwe giyabokosi yanuyo imafunira.

Chifukwa chake n'chakuti mu giya yamanja oyilo amangofewetsa zitsulo, pomwe mu otomatiki oyilo ndiye wantchito. Pampu imamukoka kuchokera mu sampu, beseni la pansi pa giyabokosi, kudzera mu fyuluta, n'kumukankha mwamphamvu kuti akapanikize makilatchi a giya iliyonse. Ndi yemweyo amene amanyamula mphamvu ya injini mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi, ndi yemweyonso amene amachotsa kutentha. Akaperewera ngakhale theka la lita, pampu ikhoza kuyamba kumeza mpweya. Mpweya umafinyika, oyilo safinyika, ndiye makilatchi amagwira mofooka n'kumaterereka. Akachuluka, zitsulo zozungulira zimamupuntha mpaka achite thovu, ndipo thovu ndi mpweya womwewo. N'chifukwa chake zizindikiro za oyilo wochepa ndi wochuluka zimafanana kwambiri: kuchedwa kugwira giya, kuterereka, kulira kwa pampu, kutentha. Amene amangowonjezera lita mongoganizira akhoza kukhala akukulitsa vuto lomwe akufuna kuthetsa.

Kuyeza kwenikweni

Pa ma pikapu ambiri mlingo umayezedwa injini ikulira, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Pondani buleki, yendetsani giya pang'onopang'ono kuchoka pa P kudutsa R, N, D mpaka kumapeto, kuima masekondi angapo paliponse, kenako mubwerere pa P. Izi zimadzazitsa tinjira tonse ta mkati. Injini ikazima, oyilo wina amatsika kuchokera m'mwamba n'kudzaunjikana mu sampu, ndiye mukayeza nthawi imeneyo zimaoneka ngati alimo wambiri pomwe ndi wochepa. Anthu ambiri amapusitsika pamenepa. Palinso zina zosiyana: ma Dodge Ram akale okhala ndi giyabokosi ya 46RE kapena 47RE amayezedwa giya ili pa N. Buku la galimoto yanu ndilo lili ndi mawu omaliza.

Ngati mwakweza kutsogolo kokha, oyilo wapendekera kumbuyo kwa sampu ndipo chilichonse chimene muwerenge n'chabodza. Kwezani mbali zonse mofanana, kapena musakweze n'komwe, poti pansi pa ma pikapu ambiri munthu amakwanapo. Ndipo popeza mudzalowa pansi injini ikulira, apa ndinena molimba: jeke yokha siigonera munthu pansi. Ikani masitandi achitsulo, kokani handibuleki, tsekerani matayala. Musalize injini m'galaja yotseka, utsi wake umapha mosachenjeza. Paipi ya ekizozi nayo imadutsa pafupi kwambiri ndi pomwe dzanja lanu likugwira.

Kwa amene ali ndi dipisitiki, kachitsulo koviika koyezera mlingo wa oyilo, ntchito ndi yopepuka. Itulutseni, ipukuteni ndi nsalu yosathothoka ulusi, ibwezereni mpaka pansi, itulutseninso. Yang'anani mbali zonse ziwiri ndipo mukhulupirire mbali imene ikuonetsa pansi. Mukangothira kumene kudzera pa paipi ya dipisitikiyo, dikirani mphindi zingapo, chifukwa oyilo wotsalira m'mbali mwa paipi amapaka dipisitiki yonse n'kukunamizani. Chizindikiro cha COLD ndi choyambira chabe. Chenicheni ndi cha HOT, galimoto itayenda mpaka kutentha bwinobwino.

Pomwe pamagona nkhani ndi pa magiyabokosi opanda dipisitiki, omwe ndi ochuluka masiku ano. Titenge A750 ya Toyota, imene ili mu ma Hilux ndi ma Tacoma ambiri. Ili ndi mapulagi atatu: yothirira ili m'mbali mwa giyabokosi, yokhetsera ili pansi pa sampu, ndipo yachitatu, yaing'ono, ili pansi pomwepo koma ntchito yake ndi yoyezera. Kuseri kwa pulagi yoyezerayo, mkati mwa sampu, kuli kapaipi koimirira. Oyilo akafika pakamwa pa kapaipiko amasefukira kunja. Mlingo wolondola ndi pomwe oyilo wasiya kutsika mwamphamvu n'kuyamba kungoyenderera ngati kaulusi.

Koma oyilo amafufuma akatentha, ndiye kuyezaku kumagwira ntchito pa kutentha kumodzi kokha. Mukayeza ali wozizira kwambiri, mudzathira wambiri kuti asefukire, ndipo akadzatentha pamsewu adzapitirira. Mukayeza ali wotentha kwambiri, adzatayika wambiri ndipo mudzatsala ndi wochepa. Mukatsegula pulagiyo injini itazima, adzakhuthuka wambiri zedi, ndipo mukatseka mukuganiza kuti mwakonza, giyabokosi imakhala yatsala ndi ludzu lalikulu. Ma Toyota ambiri amayezedwa oyilo ali wofunda chabe, cha m'ma 40°C, koma malire enieni amasiyana malinga ndi mtundu ndi chaka. Ford ili kwina: 6R80, imene ili mu ma Ranger ndi ma F-150 ambiri, imayezedwa yotentha, cha m'ma 80°C, ndipo ili ndi kadipisitiki kakafupi kobisika pansi pa pulagi m'mbali mwa giyabokosi, moyandikana ndi ekizozi. Njira ya galimoto ina musaitengere pa inzake.

Geji ya kutentha ya pa dashibodi imanena za madzi a injini, za giyabokosi sidziwa. Chodalirika ndi kachipangizo kolumikiza pa soketi ya OBD2 (khomo lolumikizira ku kompyuta ya galimoto) kamene kamawerenga kutentha kwa oyilo wa giyabokosi. Choyezera kutentha choloza pa sampu chimathandiza, koma kumbukirani kuti chitsulo chakunja chimatsalira pang'ono kumbuyo kwa oyilo wa mkati.

Ine pa giyabokosi ya kapaipi ndimachita motere. Ndimayamba m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Ndimathira mopitiriza dala pang'ono, pafupifupi theka la lita. Ndimaliza injini, kuyendetsa magiya, kenako n'kukhala pambali kuyang'ana nambala ya kutentha ikukwera. Ikangolowa m'malire ake ndimatsegula pulagi yoyezera. Akatsika, ndimadikira asanduke kaulusi n'kutseka. Akapanda kutsika ngakhale dontho, ndiye kuti ngochepa: kutseka, kuwonjezera, kuyezanso. Kutentha kukandipitirira ndisanamalize, ndimazimitsa injini n'kudikira, ngakhale zitatenga maola. Apa kuthamanga sikufika, ndipo ambiri amene amabwera ndi dandaulo la giya yoterereka anaphonya malire amenewa ndi mphindi zochepa chabe.

Kuthira wofanana ndi amene watuluka ndi chiyambi chabwino. Khetserani m'beseni loyera, tsanulirani m'chigubu cha manambala, ndipo muyeze wakaleyo atazizira kuti afanane ndi watsopano. Kungoti njira imeneyi imakubwezerani pomwe munali. Ngati anali woperewera kale, aperewerabe.

Mlingo uli bwino koma pampu ikulira

Ili ndi vuto limene linandigwira pa pikapu yanga, ndipo limagwira amene achotsa sampu n'kusintha fyuluta. Mlingo unali pa HOT ndendende. Koma m'mawa giya inkachedwa kugwira, ndipo pansi pankamveka kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika motsatira injini. Nditatulutsa dipisitiki n'kuiyang'ana padzuwa, oyilo anali ndi tinthovu ting'onoting'ono ngati mchenga. Mpweya unkalowa penapake.

Nditachotsanso sampu, fyuluta inatsika ndi kukhudza kumodzi kokha, osalimba n'komwe. Ndinaunika ndi tochi m'bowo momwe khosi la fyuluta limalowa, ndipo munali kalabala kakale kotseka mpata pa khosilo, kakuda bii, kophwatalala, kooneka ngati ndi mbali ya chitsulocho. Kanatsalira pamene ndinkazula fyuluta yakale. Yatsopano, yokhala ndi kalabala kakekake, inangokhala pamwamba pa kakaleko mopendekeka, ndipo pampu inkakoka mpweya pa mpata umenewo.

Choncho fyuluta yakale ikatsika, yang'anani khosi lake. Ngati palibe kalabala, kali m'bowo. Kakokeni ndi kachitsulo kopindika kunsonga, mosamala, chifukwa bowolo ndi la aluminiyamu ndipo mukalikanda lizilowetsa mpweya mpaka kalekale. Kalabala katsopano mukapake oyilo wa giyabokosi musanakalowetse. Ikaninso fyuluta yakale ndi yatsopano pamodzi n'kuzifanizira. Pa magiyabokosi ena sampu yakuya ndi yosaya zimafuna mafyuluta osiyana, ndipo fyuluta ya kamwa lalifupi mu sampu yakuya siifika bwino pomwe pali oyilo.

Oyilo wolakwika

Kufiira sikunena kanthu. Ndi utoto chabe umene amathiramo kuti oyiloyu asasokonezeke ndi ena. Chimene chimasiyanitsa ndi kulemera kwake komanso mmene amalolera makilatchi kugwirana. Toyota ili ndi mitundu ya oyilo monga Type T-IV ya magiyabokosi akale ndi WS ya atsopano, ndipo pa A750 yofuna WS zilembozo zinadindidwa pa pulagi yothirira. Ford ili ndi Mercon V, Mercon LV ya 6R80, ndi Mercon ULV ya 10R80 ya magiya 10, yomwe ndi yopyapyala kwambiri. Mayinawo akufanana koma salowana m'malo. General Motors imagwiritsa ntchito Dexron VI pa magiyabokosi ake ambiri, Ram yokhala ndi giyabokosi ya Chrysler imafuna ATF+4, Nissan ili ndi Matic S. Botolo lolembedwa kuti limayenera magalimoto ambiri muliwerenge kumbuyo, muone ngati dzina la oyilo wanu lilipo. Ngati palibe, lisiyeni.

Chizindikiro chodziwika cha oyilo wosayenera ndi kunjenjemera. Mukuyenda mwina pa 60 kapena 80 km/h, phazi lili pang'ono pa moto, galimoto n'kuyamba kunthunthumira ngati ikudutsa pa timabampu. Mukawonjezera moto kapena kuchotsa phazi, zimasiya. Imeneyo ndi kilatchi ya mkati mwa torque converter ikugwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Mankhwala ake ndi kuchotsa oyilo wolakwikayo, ndipo kukhetsa kamodzi sikukwanira.

Pa ma pikapu ambiri giyabokosi yonse imasunga malita 10 kapena kuposerapo, koma mukatsegula sampu mumatuluka atatu kapena anayi okha. Otsalawo ali mu torque converter, m'mapaipi ndi mu choziziritsira. Tinene kuti nthawi iliyonse mukusintha gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukasintha kamodzi, watsopano ali pa 33 peresenti. Kachiwiri, pafupifupi 56. Kachitatu, pafupifupi 70. Pakati pa kusintha kulikonse yendetsani galimoto kuti oyilo asakanikirane. Masamu omwewa ndi amene amayankha dandaulo lina lofala, lakuti ndasintha sabata yatha koma wada kale. Sanade chifukwa chakuti giyabokosi yaonongeka. Wangosakanikirana ndi wakale amene anatsala.

Zikakhala kuti mwathira oyilo wa injini, wa CVT (mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki) kapena wolemera wa difu, ndipo mwazindikira musanalize injini, musailize. Akadali mu sampu, ndipo mukhoza kumuchotsa pafupifupi yense. Pa pikapu ya 4x4 onetsetsaninso kuti munakhetsa bokosi loyenera. Transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ili kumbuyo kwenikweni kwa giyabokosi, ili ndi mapulagi akeake, ndipo zimachitika munthu kukhetsa iyo n'kuthira mu giyabokosi. Imodzi imatsala youma, inayo yosefukira. Ndipo nthawi zonse masulani pulagi yothirira musanakhudze yokhetsera. Ikakana kumasuka oyilo ali kale m'beseni, galimoto yaima mpaka mutapeza njira.

Madontho ofiira pansi

Sampu ikamadontha mutangoimanga, kawirikawiri ndiye kuti mwamanga mopitirira. Mabawuti ake ndi ang'onoang'ono, ambiri amafuna mphamvu ya cha m'ma 10 Nm (muyeso wa kumanga bawuti) ndipo ena safika n'komwe pamenepo. Mukakoka ndi sipanala yaitali, gasiketi imafinyikira kunja, ndipo mlomo wa sampu umatukumuka pozungulira bowo lililonse. Kuwonjezera kumanga kumangokulitsa kudonthako. Chotsani sampu, iikeni pa thabwa losalala, menyani pang'onopang'ono malo otukumukawo abwerere, ikani gasiketi yatsopano. Mangani modumphadumpha, mbali iyi kenako inayo, maulendo awiri kapena atatu.

Silikoni musamuike pa gasiketi pokhapokha buku litanena. Alipo magiyabokosi amene anapangidwa kuti sampu yake imatidwe ndi silikoni wapadera m'malo mwa gasiketi, koma ngakhale pamenepo ndi kamzere kochepa. Wochuluka amafinyikira mkati, amaduka tizidutswa, ndipo tizidutswato tikafika m'tinjira ta mavavu giya imayamba kuchita zachilendo. Kawasha ka pa pulagi ndi kogwiritsa ntchito kamodzi.

Musanaweruze, tsukani paliponse, pukutani, yendani pang'ono, kenako muunike kuyambira pamwamba. Oyilo amatsika, ndiye sampu imasenza milandu ya ena. Ngati kunyowa kukuyambira pamwamba pa giyabokosi pomwe pali kapaipi kopumira, bwererani ku nkhani ya mlingo: wachuluka, wachita thovu, akudzipezera njira.

Oyilo wakale mumusunge m'chigubu chotseka n'kukapereka komwe amalandira oyilo wogwiritsidwa kale ntchito. Pansi kapena m'ngalande asathiridwe.

Pamene vuto lilidi mkati

Giya ikamalowa mogunda pang'ono masiku oyamba, mlingo uli bwino ndipo oyilo ndi woyenera, musathamangire kumasula. Kompyuta ya giyabokosi zambiri zamakono imaphunzira, ndipo inali itazolowera oyilo wotopa. Yendetsani modekha masiku angapo, nthawi zambiri zimakhazikika. Nyali ya injini ikayaka, werengani makodi, manambala a zovuta amene kompyuta imasunga, kudzera pa soketi ya OBD2 ija. P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, ndipo kodi yeniyeni ili kuseri kwake. P0741 ikuloza kilatchi ya torque converter, P0730 ikunena kuti giya sikugwirizana ndi mmene iyenera kukhalira, kumene kawirikawiri ndi kuterereka. Galimoto ikakakamira giya imodzi mutangochotsa sampu, yang'anani mawaya ndi masoketi amene dzanja kapena fyuluta inakhudza.

Sampu yomwe munachotsa ija inali ndi uthenga, ngati munauwerenga. Maginito a pansi pake akakhala ndi phala lotuwa, losalala mukalitikita pakati pa zala, ndi kutha kwa masiku onse. Mukamva tizitsulo tobaya, kapena mukaona tonyezimira ngati mkuwa, kapena zinyenyeswa zakuda zambiri, pali chimene chikudyeka. Oyilo wonunkha chopserera amatanthauza kuti makilatchi anatenthapo kale.

Apa m'pamene pamachokera mawu aja akuti kusintha oyilo kumapha otomatiki yakale. Ine sindiwavomereza monga amanenedwera, koma ndikumvetsa komwe anachokera. Munthu amakumbuka za oyilo giya itayamba kale kuvuta. Makilatchi atha, ndipo fumbi lawo lomwe lili mu oyilo wakaleyo ndi limene likuwathandiza kugwirako pang'ono. Mukathira woyera, kuterereka kumaonekera poyera. Oyilo watsopano wangoulula chimene chinalipo. Chimene chinaipha ndi zaka zokoka ngolo ndi kusenza katundu pa oyilo mmodzimodzi, chifukwa kutentha ndiko kumamaliza oyiloyu. N'chifukwa chake mabuku ambiri ali ndi ndandanda ziwiri, ya kuyenda wamba ndi ya ntchito yolemetsa, ndipo pikapu yogwira ntchito ili pa yachiwiriyo. Pa giyabokosi ya makilomita ambiri imene sinasinthidwepo, ndimakonda kukhetsa ndi kuthira pang'onopang'ono, n'kumamvetsera mmene ikuyankhira. Koma ikakhala kuti ikuterereka kale ndipo oyilo ngopserera, botolo lililonse silibwezeretsa kilatchi yotha. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa magiyabokosi.

Chinthu chimodzi chokha chisakudikiritseni ngakhale tsiku. Oyilo akatuluka wotuwira, wofiirira ngati wathiridwa mkaka, muli madzi. Mwina choziziritsira cha mkati mwa ladiyeta chabooka ndipo madzi a injini akusakanikirana ndi oyilo, mwina munawoloka madzi akuya n'kulowera pa kapaipi kopumira. Tsegulani chivindikiro cha ladiyeta injini itazizira. Mukapezamo mafuta oyandama kapena phala, ladiyeta ndiyo yolakwa, ndipo kusintha oyilo musanaisinthe n'kutaya oyilo. Madzi amamatula zomatira za pa makilatchi, choncho galimotoyo isayendenso. Poipititsa kokakonzetsa, inyamulidwe pa lole, kapena muchotse kaye shafuti yopita ku matayala akumbuyo. Injini ikazima pampu ya giyabokosi nayo imaima, ndipo kuikoka mtunda wautali matayala akuzungulira kumayendetsa zitsulo za mkati popanda oyilo wozifikira.